Mapiritsi Awiri m'Galimoto ya Bambo

Jildou anawapeza mapiritsiwo akufuna maswiti. Galimoto inali itangowoloka mlatho wa pa ngalande yaikulu, ulendo wa ku tawuni ya Dokkum kwa mkulu wake Baukje, pomwe pakhosi pake panayambanso kukanda. Anatsegula kabokosi ka kutsogolo komwe bambo ake amasungamo maswiti akuda amchere, n'kuyamba kufwanthula pakati pa magolovesi akutha, tochi ndi tizingwe. Chala chake chinagunda kanthu kolira tswatswa. Atakasolola anaona kuti ndi kapepala kasiliva ka mankhwala, kofanana ndendende ndi kake komwe iye anakataya kale kali kopanda kanthu. Ka bambo akeka kanali ndi bowo limodzi lokha. Mapiritsi awiri anali chikhalire m'malo mwake.

Chifuwacho anabwera nacho pakhomo ndi Jildou yemweyo, kuchokera kusukulu. Poyamba adokotala anangoti azimwa panado ndi tiyi wa uchi, monga amanenera pa nthenda iliyonse. Koma chitafika pomusanzitsa ndi kumukoketsa mpweya ngati tambala, anamupisa kathonje m'mphuno n'kupeza kuti ndi chifuwa chokoka mtima. Apo n'kuti bambo ake, a Sjoerd, nawonso atayamba kukhosomola, ndipo Baukje anali atatopa, mwana wake woyamba ali m'njira.

Adokotala sanazungulire. Munthu wamkulu chifuwachi chimangomusautsa, anatero, koma khanda limatha kungosiya kupuma lili m'tulo. Anawalembera onse awiri mankhwala opha mabakiteriya otchedwa azitromayisini, piritsi limodzi patsiku mpaka atatu athe. Anawauzanso kuti kutsokomolako sikudzatha msanga, ntchito ya mankhwalawo ndi yoti asapatsire ena, ndipo asayandikire khanda mpaka patapita masiku asanu chiyambireni kumwa. Mwana anabadwa masiku ake asanakwane, iwo ali mkati modikira momwemo. Jildou anamwa ake onse, m'mimba mukupota, m'kamwa mukuwawa ngati wanyambita chitsulo. Mwana wa mkulu wake ankangomuonera pa foni. Lero ndilo linali tsiku lokamuona ndi maso.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

A Sjoerd anaponya diso kamodzi n'kulibwezera kumsewu. "Bwezera pomwe wachitenga."

"Mwangomwa limodzi."

"Ndati bwezera."

Jildou sanali mwana woyankha akulu. Kusukulu aphunzitsi ankachita kumupempha kuti akweze mawu, ndipo chimwalirireni mayi ake, m'nyumba mwawo mawu ankamveka kwambiri anali a wailesi. Koma apa anayankha.

"Munandiuza kuti mwamaliza. Ndinakufunsani tili pa tebulo."

"Piritsi limodzi lomwelo linandionetsa zakuda," anatero a Sjoerd. "Ine ndili m'dzenje lokamira mkaka, ng'ombe zili pa makina, m'mimba mwangomasuka. Kuthamanga ndi majombo pabwalo lonse ngati ndaba. Katatu konse. Umafuna ndisamutsire makina kuchimbudzi?"

"Mukanaimbira adokotala."

"Kuti andiuze chiyani? Panado ndi tiyi?" Anaseka, ndipo kusekako kunasanduka chifuwa. Anatsokomola mpaka galimoto inapendekera kumzere woyera. Atapeza mpweya anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Ndipo tadziyang'ana wekha. Unamwa ako onse, koma ukulirabe ngati thirakitala yakale. Akuthandiza chiyani?"

"Ananena kuti kutsokomola sikutha. Munalipo. Munagwedeza mutu."

"Ndimagwedeza mutu kutchalitchi komwe."

Kunja mphepo inali kugoneka bango la m'ngalande, nkhosa zitafola pa mtumbira wotchinga madzi. Jildou anakafinya kapepala kaja mpaka m'mphepete mwake munamulasa m'chikhatho.

"Baukje anabayitsa jakisoni ali woyembekezera," anapitiriza bambo ake, tsopano ndi mawu omwe amalankhulira ndi wogula ng'ombe. "Mwanayo ndi wotetezedwa kale."

"Jakisoni amachepetsa chabe. Ndipo mwanayo wabadwa msanga."

"Ohoo. Tili ndi dokotala m'banja muno."

"Ng'ombe ikadwala bere mumaipatsa mankhwala mpaka tsiku lomaliza," anatero Jildou. "Mumaimanga tepi yofiira kumwendo kuti mkaka wake usalowe m'thanki. Ine ndikangoiyandikira ndi makina mumakuwa mpaka agalu a kwa aneba amauwa."

"Ng'ombe ndi ng'ombe."

"Ndiye mkaka wa kufakitale ndi wofunika kuposa mwana wa achemwali?"

A Sjoerd anaponda buleki n'kuimitsa galimoto pachipata cha munda wa eni ake. Anazimitsa injini.

"Tamvera iwe," anatero, osamuyang'ana. "Mwana uja amutcha Sjoerd. Dzina langa. Makolo a mlamu wako Douwe amunyamula kale, ajambulitsa, zithunzi zili mbwee paliponse. Mbali ya kwathu kwatsala ndani? Mayi ako kulibe. Ukufuna ndikaime pakhomo la mpongozi wanga n'kunena kuti pepani, agogo analephera kumeza mapiritsi atatu?"

"Tibwerere kunyumba. Tinene kuti ng'ombe ikubereka."

"Sindibwerera. Ndikaima patali, ndikamuona, tikamwa khofi, basi. Iwe ukangotseka pakamwa." Analiza injini. "Si ntchito yovuta kwa iwe imeneyo. Ndiyo umaitha."

Mawu amenewo anamulowa mpaka m'mafupa. Jildou anatembenukira kuzenera kuti bambo ake asaone maso ake. Kapepala kaja sanakabwezere. Anakalowetsa m'thumba la jekete, dzanja lili momwemo, mpaka anafika.

Pa kapinga wa kutsogolo kwa nyumba ya Baukje anali atazikapo dokowe wa thabwa, atanyamula kamtolo kukamwa, chizindikiro choti pakhomopo pabadwa mwana, ndipo pazenera panali timbendera tabuluu. Yemwe anatsegula chitseko ndi mayi Hiltsje, namwino yemwe ankasamalira Baukje ndi khanda pakhomopo sabata yonseyo, mayi wojintcha wovala zoyera, thaulo lili paphewa.

"Awa ndiye agogo atsopano aja," anatero akumwetulira. "Ndipo awa ndi amayi aang'ono. Takhala tikukudikirani. Koma ndifunse kaye, ndi ntchito yanga. Mankhwala aja munamaliza nonse awiri?"

"Kalekale," anayankha a Sjoerd akupukuta nsapato pa chopondera.

Mayi Hiltsje anayang'ana Jildou. Jildou anagwedeza mutu movomera. Za iye mwini zinali zoona, ndipo anadziuza choncho, koma anadzida pomwepo.

Analowa m'kakhonde ka m'nyumba momwe amakolekamo majekete. Munkanunkhira khofi ndi sopo wa ana. Douwe, mwamuna wa Baukje, anatulukira kukhitchini maso ali psuu ndi tulo, atanyamula mbale ya mabisiketi ouma opaka batala, owazidwa timibulu ta shuga tabuluu ndi toyera, monga amachitira kukabadwa mwana wamwamuna.

"Apongozi, fikani. Mlamu, wakula bwanji m'masabata ochepa omwewa? Tengani, tengani, ndatopa nazo izi, ndadya zomwezi chibadwireni mwanayu."

Kuchipinda chochezera kunamveka mawu a Baukje, otopa koma okondwa. "Ndi bambo amenewo? Lowani, mudzaone dzina lanu. Wangodzuka kumene."

Jildou anawayang'ana bambo ake. Anaona nkhope yawo ikufewa monga sinafewerepo chiikireni maliro a mayi ake. Anawaona akuvula jekete, akupinda malaya m'mikono, akutikita manja ndi mankhwala a m'botolo omwe mayi Hiltsje anawathira. Munthu wokaima patali sapinda malaya. Anawaonanso akumeza chifuwa, khosi likufufuma, mapewa akugwedezeka kawiri popanda phokoso. Chitseko cha kuchipinda chochezera chinali chotseka theka. Kuseri kwake kunamveka kakulira kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka.

Apo Jildou anasolola dzanja m'thumba n'kuika kapepala kasiliva kaja pa mbale ya Douwe, pamwamba pa mabisiketi.

Douwe anakayang'ana osamvetsa. Mayi Hiltsje anamvetsa nthawi yomweyo. Anatambasula mkono n'kutseka chitseko chija bambo asanachigwire.

"Awa ndi a ndani?"

"A bambo," anatero Jildou, maso ali pansi. "Anamwa limodzi lokha."

"Iwe," anatero a Sjoerd chapansipansi.

"Bambo Sjoerd, tengani jekete lanu," anatero mayi Hiltsje. Kumwetulira kuja kunali kutapita. "Tikalankhulire panja."

"Mayi, ine ndili bwinobwino. Kachifuwa aka n'kotsalira chabe. Mwanayu akukokomeza, ndi msinkhu wakewu."

"Panja, chonde."

"Chachitika n'chiyani uko?" anafunsa Baukje. Patapita kamphindi chitseko chinatseguka pang'ono, iye n'kutuluka yekha akuyenda mogwira khoma, n'kuchitsekanso kumbuyo kwake. Anali atavala mkanjo wogonera, tsitsi lili nyankhalala. Anayang'ana mbale ili m'manja mwa mwamuna wake, kenako bambo ake.

"Munandiuza pa foni kuti mwamaliza."

"Baukje, mwana wanga, m'mimba munanditsegula, ndipo ng'ombe…"

"Musanditchulire ng'ombe." Sanakweze mawu, mwina poopa khanda, koma milomo yake inali itayera. "Mukudziwa kulemera kwa mwana ameneyu? Mukudziwa kuti ndimadzuka kukaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma? Ndiye inu mumabwera kudzamutsokomolera kumaso chifukwa m'mimba munakutsegulani?"

"Ndikanaima patali."

"Mwapinda malaya, bambo."

A Sjoerd anayang'ana mikono yawo ngati ndi ya munthu wina. Kenako chifuwa chomwe anachimeza chija chinabwerera ndi ukali. Anatembenuka, kukankha chitseko chakunja, n'kukatsokomolera pa kapinga atawerama, manja ali m'maondo. Douwe anawatengera jekete. Mayi Hiltsje anasiya chitseko chakunjacho chili pululu kuti mphepo ilowe, n'kutulutsa foni.

Jildou ankaganiza kuti mkulu wake amukumbatira. M'malo mwake Baukje anamutembenukira ndi maso omwe aja.

"Iwe unadziwa liti?"

"M'galimoto."

"M'galimoto. Ndiye unawasiya mpaka alowe m'nyumba mwanga? Foni ulibe? Pakhomo paja anakufunsa, iwe n'kugwedeza mutu?"

"Ndimaopa."

"Umaopa. Ukanati uopebe pang'ono, bwenzi pano atamunyamula."

Jildou analuma mlomo. Ankafuna kunena kuti iye ndiye wanena, iye yekha, pomwe aliyense m'banjamo akudziwa kuti bambo ukawatsutsa amakhala mwezi osakulankhula, ndipo wobwerera nawo kufamu ndi iyeyo, osati Baukje. Ankafuna kunena kuti iye anamwa ake onse akusanza, palibe anamuimbira kumufunsa kuti zikuyenda bwanji. Anangoima pakati pa majekete a eni ake.

Mayi Hiltsje anali atapeza adokotala pa foni, ndipo anaikweza mawu kuti a Sjoerd amve ali panja pomwepo. Adokotala anafunsa mafunso awo mosapsa mtima, zomwe zinkaoneka kuti zikuwapweteka a Sjoerd kuposa kukalipidwa. Kodi khandalo analiyandikira? Ayi, sanalowe n'komwe m'chipindamo. Kodi akumwa mankhwala ena alionse, makamaka a mtima? Ayi. Ndiye mapiritsi awiri otsalawo awabweze kogulitsa mankhwala, ayambirenso atsopano lero lomwe, ndipo masiku odikira aja ayambire pa chiyambi. Azimwa atadya kuti m'mimba musavute kwambiri. Mukavutabe, aimbe foni, pali njira zina, koma asangosiya mwakachetechete.

"Nanga mtsikanayu?" anafunsa mayi Hiltsje.

"Ngati anamaliza ake, alowe. Asambe m'manja bwinobwino, ndipo chifuwa chikamubwerera atuluke kaye."

Baukje anali atabwerera kale kuchipinda. Jildou anasamba m'manja kukhitchini nthawi yaitali kuposa yofunikira. Atalowa anapeza mkulu wake atakhala pa sofa, khanda lili pachifuwa, akulira chamumtima, misozi ikungotsika.

"Khala apo," anatero Baukje, osamuyang'ana. "Gwiriza mutu. Ayi, osati choncho, ngati ukunyamula thumba la mbatatesi. Apo."

Mwanayo anali wopepuka mochititsa mantha. Nkhope yake inali yofiira, yamakwinya, ndipo kachifuwa kake kankakwera ndi kutsika mofulumira pansi pa kamalaya. Jildou anadikira kuti mkwiyo usungunuke, poti anthu amati khanda limafewetsa mtima. Sunasungunuke. Poona tinthiti timeneto anangokwiyiratu, mpaka anachita mantha kuti manja ake amufinya mwanayo.

"Apongozi akadali panja," anatero Douwe ataima pazenera. "Ndiwaonetse pagalasi?"

Baukje anapukuta mphuno. "Zenera likhale lotseka."

"Ndiye abwere naye mlamuyu, poti ali kale m'manja."

Jildou anaimirira pang'onopang'ono n'kupita pazenera. Bambo ake anali ataima pafupi ndi dokowe uja, jekete atavala, manja m'matumba, mphepo ikuwaimitsa tsitsi. Ataona kamtoloko anasendera mpaka nsapato zinalowa m'maluwa. Anawerama n'kuyang'ana dzina lawo nthawi yaitali, milomo ikuyenda, mpweya wawo ukuchita nthunzi pagalasi. Koma Jildou bambowo sanamuyang'ane ngakhale kamodzi, ngati mwanayo akuyandama yekha m'malere.

Sanakhalitse. Potsanzikana mayi Hiltsje anamukulungira Jildou mabisiketi awiri m'pepala, n'kumugwira paphewa. Baukje anangoti, "Ukawaonetsetse akumeza," ndipo sizinamveke ngati kuthokoza.

Pobwerera anaima kogulitsa mankhwala, a Sjoerd n'kulowa okha, n'kutuluka ndi kathumba koyera komwe anakaponya pampando wakumbuyo. Jildou anatembenuka, kukatenga, n'kukaika pamiyendo pake. Bambo ake anaona. Anatsegula wailesi, n'kumvera za mitengo ya mkaka njira yonse.

Madzulo atatha kukama, Jildou anaphika mbatatesi zosakaniza ndi kabichi, n'kuwotcha soseji. Anapakula mbale ziwiri. Bambo ake atadya theka, iye anaboola kapepala katsopano kaja, n'kuika piritsi pambali pa foloko yawo, pamodzi ndi tambula ya madzi.

"Ndimwa ndikamaliza."

"Imwani pano."

"Wasanduka wapolisi tsopano?"

Jildou anaika foloko yake pansi n'kupinda manja.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa mpongozi," anatero a Sjoerd. "Pamaso pa mayi wachilendo. Ukanandikokera pambali."

"Ndinakukokerani pambali. Pachipata paja."

A Sjoerd anatafuna pang'onopang'ono, akuyang'ana piritsilo ngati nthata yomwe aipeza pa bere la ng'ombe. Kenako analitola, kuliponya m'kamwa, n'kugugudiza madzi onse. Anamenyetsa tambula pa tebulo.

"Wakhutira?"

"Kwatsala awiri."

Kapepalako Jildou anakaika m'thumba la buluku lake. Bambo ake anakankha mbale, kuimirira, n'kukaima pa sinki atamufulatira.

"Zikandiyambanso za m'mimba zija, mawa ukama ndiwe," anatero. "Zonse. Usanapite kusukulu."

"Ndikama," anatero Jildou, n'kupitiriza kudya chakudya chake chozizira.